Amake Mapasa ku Tembwe

Ndinabadwa ndi mnzanga. Ine ndinatsogola, mlongo wanga wamwamuna n'kubwera pambuyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la amama linasiya kumveka. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Katete, aliyense ankawaitana kuti amake mapasa. Atate ankawaitana choncho, a kutchalitchi choncho, ngakhale makolo awo owabala. Ine dzina lawo lenileni ndinalidziwa nditakula kale, ndipo tsiku limene ndinawafunsa anayamba aseka kaye, ngati ndawafunsa za munthu amene anasamuka kalekale.

Boma linanditumiza kukaphunzitsa ku Tembwe chaka chotsatira chilala chachikulu chija cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Atate anali atamwalira, choncho ndinawatenga amama kuti tikakhale limodzi m'nyumba ya aphunzitsi. Chigwa cha Luangwa chinatilandira ndi kutentha kumene tinali tisanakuonepo. Amama Chisenga, chiyankhulo cha kumeneko, chinawakanika, anangogwira moni ndi kuthokoza basi. Koma anapeza mnzawo, mayi wina wa pamudzi woyandikana ndi sukulu, amene ankayankhula Chinyanja chosakaniza ndi chakwawo. Mayiyo anawapatsa kachigawo ka dambo lake n'kuwaphunzitsa kulima mpunga. Pasanapite nthawi, nako ku Tembwe anthu anayamba kunena kuti amake mapasa, ngakhale ambiri anali asanamuonepo mapasa winayo.

Mpingo wathu unali waung'ono, tinkasonkhana m'kanyumba kofolera ndi udzu kuseri kwa msika. Tinkasiyana ndi mipingo ina pa chinthu chimodzi chachikulu. Ife tinkaphunzitsidwa kuti kulibe moto wosatha. Munthu wokana Mulungu akafa, wafa basi, amangozima ngati koloboyi, osamva ululu, osadziwa kanthu, osakhalakonso. Okhulupirika okha ndiwo adzadzutsidwe n'kukhala m'dziko latsopano lopanda maliro. Ndili mwana chiphunzitsochi ndinkachikonda, chifukwa anzanga kusukulu ankaopsezana ndi moto, ine osaopa. Amama ankachinyadira kwambiri. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu wathu saotcha ana ake."

Ine ndi mlongo wanga tinabatizidwa tsiku limodzi, mumtsinje umodzi. Iye atakula anayamba ntchito ya malole, poyamba wonyamula katundu, kenako woyendetsa. Ankanyamula thonje ndi mpunga kuchoka ku Chama kupita ku Lundazi ndi ku Chipata. Anayamba kumwa. Akulu a mpingo atamuitana, anawauza kuti sanganame kuti wasiya pamene sanasiye, ndipo sanganame kuti akukhulupirira zonse pamene zina zikumukayikitsa. Anamuchotsa mumpingo. Amama analira, koma mwana anakhalabe mwana.

Lole yake ikamadutsa ku Tembwe tinkaimva ili kutali, chifukwa ankaliza hutala kuyambira pamlatho. Ankabwera ndi shuga, sopo ndi mchere, n'kukhala pakhonde akuwatsanzira amama mmene ankaperekera moni wa Chisenga. Amama ankamuthamangitsa ndi chipande uku akuseka mpaka misozi. Ine ankangonditchula kuti mnzanga wa m'mimba. Ankati ndinamupondaponda potuluka, n'chifukwa chake anabadwa ndi mutu wopindika wosamva malangizo.

Chaka china nyengo yokolola inadutsa lole yake osamveka. Kenako anabwera, koma pa lole ya munthu wina, atagona pamatumba a chimanga. Anatsitsidwa ndi anthu awiri. Anali atatha thupi, akutsokomola, milomo ili ndi zilonda. Masiku amenewo matenda aja tinkaopa kuwatchula dzina, koma aliyense womuona ankadziwa. Tinapita naye kuchipatala ku boma, anamugoneka masiku angapo, n'kutipatsa mankhwala kuti tikamusamalire kunyumba.

Amama ndiwo ankamusambitsa, kumutembenuza ndi kumumwetsa phala. Masana tinkamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, chifukwa m'nyumba ya malata munkatentha ngati m'ng'anjo. Tsiku lina nditaweruka ndinawapeza akumupempha.

"Mwanawe, ndilole ndiwaitane akulu a mpingo. Ungowauza kuti walapa. Mawu ochepa chabe."

"Amama," anatero iye, mawu akutuluka movutikira, "ndili ndi mphamvu ndinakana. Manje ndikavomera chifukwa cha mantha, Mulunguyo sadzaona kuti ndikumunamiza? Ndikachira ndidzapita ndekha ndi miyendo yanga."

"Nanga ukapanda kuchira?"

"Si mumati kulibe moto? Ndingogona basi. Musadandaule."

Anayesa kuseka koma chifuwa chinamugwira. Amama anamudzutsa n'kumutsamiritsa pachifuwa pawo mpaka chitaleka. Anamupemphanso masiku ena, koma yankho linali lomwelo, ndipo pomaliza analibe mphamvu zoyankhira.

Anamwalira mu Okutobala, masana, ine ndili m'kalasi. Mnzawo wa amama uja anafika pakhomo la kalasi n'kungoima. Ndinaika choko pansi n'kumutsatira.

Akulu a mpingo wathu anabwera kudzapepesa, koma anati sangalalikire pamaliro a munthu wochotsedwa. Sananene mwankhanza, linali lamulo basi. Anthu a pamudzi ndiwo anakumba manda kumanda kwawo, amayi a mpingo wa mnzawo wa amama n'kuimba nyimbo za Chitumbuka zimene ife sitinkazidziwa. Mlendo woyendetsa lole anaikidwa pakati pa Asenga, ndipo anamulira ngati wawo.

Patapita masabata angapo mkulu wa mpingo anabwera kunyumba. Anali bambo wofatsa, mlimi wa thonje, amene ankapalasa njinga mtunda wautali kuyendera odwala. Amama anamuyalira mphasa, iye n'kukhala atagwira chipewa m'manja.

"Amayi," anatero, "mutonthozedwe ndi ichi: mwana wanu sakuvutika. Ena amati anthu otere ali pamoto, koma ife tikudziwa kuti si zoona. Iye kulibe, ndiye palibe chomupweteka."

"Ndikumva, abambo," anatero amama. "Koma ndifunseko. Ine ndikadzauka m'dziko latsopanolo, ndikadzayang'ana uku ndi uku osamuona, ndidzasangalala bwanji?"

"Mulungu adzachotsa chisoni chonse. Zakale zowawa sizidzabweranso mumtima."

"Ndiye kuti ndidzamuiwala?"

Mkuluyo anatembenuza chipewa chake. "Tinganene kuti simudzamukumbukira mowawidwa mtima. Mwina simudzamukumbukira n'komwe. Chimenecho ndi chifundo, amayi."

Amama anati, "Ine ndinabereka awiri, abambo. Mimba imeneyo inatsala pang'ono kundipha. Ndinayamwitsa wina uku wina uku. Moyo wanga wonse anthu andiitana amake mapasa. Manje kumeneko adzandiitana kuti ndani? Mayi amene adzauke wosadziwa kuti anabereka mwana wamwamuna, ameneyo ndi ine kapena ndi munthu wina wovala nkhope yanga?"

Ndinkayembekeza kuti mkuluyo atsegula buku n'kuyamba kuwerenga, koma sanatero. Anati, "Funso limenelo landikulira, amayi. Nanenso atate anga anafa asanamve uthenga n'kuulandira. Ndimangosiya m'manja mwa Mulungu." Anapemphera mwachidule n'kukwera njinga yake.

Usiku ndi usana mawu a amama ankandizungulira m'mutu, chifukwa funso lawo linali langanso. Ndinayesa kudziganizira ndekha nditachotsamo mlongo wanga. Tinaphunzira kuyenda titagwirana. Chipsera chimene chili pachipumi panga anandigenda ndi iye, tikulimbirana mango. Kuwerenga ndinakudziwa msanga chifukwa ndinkamuphunzitsa iye pansi ndi kamtengo, ndipo uphunzitsi wanga unayambira pamenepo. Ndikachotsa zonsezo, wotsalayo sindinkamudziwa. Ndinkaona mkazi wina wosalala pachipumi, wosangalala m'munda wokongola, amene sanakhalepo ndi mnzake wa m'mimba. Sindinkamuchitira nsanje. Ndinkamuopa.

Amama sanasiye kupita kutchalitchi. Ankavala chitenje chawo chabwino n'kukhala pamalo pawo pa nthawi zonse. Koma nyimbo zonena za dziko latsopano zikayamba, milomo yawo inkatsekeka. Azimayi a mumpingo anaona. Mmodzi wa iwo, pofuna kuwathandiza, anauza anzake kuti asiye kuwakumbutsa za malemu, ndipo anayamba kuwaitana kuti amake aphunzitsi. Tsiku lina titatuluka m'mapemphero mayiyo anawaitana choncho kangapo, amama akungoyenda. Atawagwira paphewa, amama anatembenuka.

"Mumaitana ine?"

"Inde, amake aphunzitsi."

"Pepani, sindinadziwe. Ine ndine amake mapasa. Wina wamwalira, koma ndinabereka awiri."

Sanakweze mawu. Mayiyo anachita manyazi n'kupepesa, ndipo palibe anayesanso.

Mvula itagwa anabwerera kudambo. Loweruka lina ndinapita kukawathandiza kupalira mpunga, ndipo mnzawo uja anali pafupi, m'chigawo chake. Tikupuma pamthunzi, amama anamufunsa mwadzidzidzi.

"Inu kwanu mumati munthu ngati mwana wanga ali kuti?"

Mnzawoyo anazengereza. "Mama, ife amatiphunzitsa kuti osalapa amapita kumoto. Koma ndani adziwa zimene munthu amalankhula ndi Mulungu pomaliza? Ine sindinganene."

"Kumotoko munthu amakhalako ndithu? Amadziwa dzina lake? Amakumbukira amake?"

"Amati choncho."

Amama anayang'ana madzi a m'dambo. "Ndiye bola kumeneko," anatero. "Kuli munthu. Ndingathe kumulirira, iye n'kudziwa kuti ndikumulirira."

Atangomaliza anadzigwira pakamwa. "Mayo, ndanena chiyani ine? Ndafunira mwana wanga moto? Amene ndinkamukupiza ndi mbale chifukwa cha kutentha kwa Okutobala chabe?" Analira kulira kumene sanalire ngakhale pamanda. Mnzawoyo anawakumbatira, matope ali m'manja, akungoti, "Pepani mama, pepani mama." Tsiku limenelo sitinapalirenso.

Pobwerera kunyumba anandiuza kuti sakufuna moto, ndipo sakufunanso kuti mwana wawo angozima. Anati zonse ziwiri zawakanika kunyamula, ndipo chachitatu sakuchiona.

Zaka zotsatira zinali zachete. Ndinkapita kusukulu, iwo kudambo. Njovu zinatidyera mpunga chaka china, chaka china tinakolola wambiri mpaka kutumizako kumudzi. Lole ikaliza hutala pamlatho amama ankaimitsa chimene akuchita, kenako n'kupitiriza. Kumanda ankapitako kawirikawiri kukazula udzu. Mumpingo mwathu zimenezi sizinkalimbikitsidwa, poti tinkati kumanda kulibe amene akumva, koma mkulu uja sanawaletsepo. Tsiku lina ndinawaperekeza, ndipo ndinamva akulankhula uku akuzula. Sankapemphera, ankangomuuza nkhani: kuti mbuzi yaswa, kuti mlongo wako wakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, kuti msewu wa ku Lundazi waonongekanso. Atandiona ndikuwayang'ana anati, "Ndikudziwa kuti sakumva. Ndikudzikumbutsa ndekha."

Chinthu chimene ankachiopa kwambiri chinali kuiwala. Atayamba kukalamba, mawu ena akamawathawa, ankachita mantha kuposa mmene ukalamba umachititsira. Ankandiitana kuti, "Iwe, paja dzino limene linathyoka pa mlongo wako linali la mbali iti?" Ndikawauza, ankabwereza kangapo. Nthawi ina anandifunsa ngati kuiwala kwawoko sikunali Mulungu atayamba kale ntchito yake ya chifundo ija. Ndinawauza kuti ndi ukalamba chabe, kuti ngakhale mchere amaiwala kuthira. Anaseka pang'ono, koma sanakhutire.

Ine ndinayesa kufufuza. Ndinafunsa mlaliki wina woyendera mipingo amene anabwera kuchokera ku Chipata. Anandiyankha kuti chikondi chathu cha manje n'chaching'ono, kuti tikadzaona zinthu mmene Mulungu amazionera tidzavomereza chiweruzo chake ndi mtima wonse. Ndinawafotokozera amama. Anati, "Ndiye kuti ndidzakumbukira, koma sizidzandikhudza? Ndidzati ndinali ndi mwana, anazima, zili bwino, patseni chakudya? Ameneyo ndiye woipa kuposa woiwala uja." Sindinawabweretserenso mayankho a anthu.

Anadwala chakumapeto kwa zaka zimenezo, nthawi ya dzinja. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera. Mitsinje inali itadzaza, ndipo tinadikira masiku angapo kuti galimoto ipezeke yotifikitsa kuchipatala ku Chama. Anamwino anachita zimene akanatha, koma anandiuza poyera kuti mtima watopa.

M'mawa wina nditawamwetsa tiyi, anandigwira dzanja. Maganizo awo anali bwinobwino tsiku limenelo.

"Mwanawe, ine ndikupita. Mulungu sindinamusiye, ukudziwa. Ndamutumikira kuyambira ndili mtsikana, ndipo ngati alonjeza kudzutsa anthu, adzandidzutsa. Koma ndikupemphe chinthu chimodzi."

"Nenani, amama."

"Ukadzandipeza kumeneko ndikusekerera, ndili wosangalala, osafunsa za mlongo wako, udzandikumbutse. Usadzandimvere chisoni. Udzandikokere pambali, udzandiuze kuti munabereka awiri. Udzanditchulire dzina lake. Ngakhale ndikadzalira pakati pa anthu osangalala, ndilire."

"Nanga inenso ndikadzakhala nditaiwala?"

Ndikuganiza kuti zimenezo anali asanaziganizire. Maso awo anadzaza misozi, ndipo ndinadandaula kuti ndafunsiranji.

"Iwe sungaiwale," anatero pomaliza. "Munagona m'mimba imodzi. Akakuchotsera ameneyo, iwenso palibe. Ndiye Mulungu adzayenera kusankha, akufuna nonse kapena ayi."

Ndinawalonjeza. Ndinavomera chinthu chimene sindikudziwa ngati munthu angachikwanitse, koma ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo nkhope yawo inamasuka. Anapempha kuti ndiwatsegulire zenera. Kunja kunkagwa mvula yamawawa, ndipo azimayi odikirira odwala ankathamangira kukaanula zovala. Anamwalira tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka.

Mtembo tinabwerera nawo ku Tembwe movutikira, galimoto ikutitimira m'matope, anyamata a m'midzi ya m'njira akutikankha. Pamaliro awo mpingo wathu unabwera wonse. Mkulu uja analalikira za kuuka kwa okhulupirika, ndipo ananena zoona, amama anali wokhulupirika. Manda anali atakumbidwa pafupi ndi a mlongo wanga, monga ndinapempha kwa eni mudzi. Ena mumpingo anang'ung'udza kuti wokhulupirika asagone pambali pa wochotsedwa, koma mkuluyo anawauza kuti dothi ndi limodzi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Titamaliza kukwirira, iye anatsalira. Ndinamuona ataima pakati pa manda awiriwo, chipewa chili m'manja, milomo ikugwedezeka. Sindinamufunse kuti ankapempherera uti.

Chaka chotsatira anandisamutsira ku Chikwa, kenako ku boma, kumene ndinapumira ntchito. Mnzawo wa amama anapitiriza kulambula manda onse awiri mpaka nayenso atamwalira. Ine ndikadali mumpingo womwewo. Ndimayimba, ndimapereka, ndimaphunzitsa ana. Koma phunziro likafika pa za iwo amene adzazimiratu, ndi za chisangalalo cha otsalawo, ndimadzuka mwakachetechete ngati chifuwa chandigwira, n'kukaima panja mpaka atamaliza.